Mwana wazaka 3 safuna mapu, akufuna kupeza yekha

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Kamwendo ku Mchinji, akuti: "Mwana wanga wamkazi akwanitsa zaka 3 mwezi wamawawu ndiye ndikufuna ndimupangire kaphwando pakhomo pomwe pano. Kubwera ana oyandikana nawo nyumba mwina 7 kapena 8, wamng'ono kwambiri ali ndi chaka ndi theka, wamkulu zaka 4. Ndinaona pa Facebook masewera aja amati treasure hunt, ana akusakasaka zinthu zobisidwa uku akutsatira mapu. Kodi zingatheke kwa tiana tating'ono chonchi? Ndalama ndilibe zambiri. Ndibise chani, nanga ndibise pati?"

Zitheka mayi, ndipo za ndalamazo musadandaule nazo olo pang'ono chifukwa zonse zofunika muli nazo kale pakhomo panupo. Koma mapu aja muwaiwale kaye. Ana omwe munawaona pa vidiyo paja ndikukhulupilira anali a zaka 6, 7 kupita kutsogolo, oti amatha kuwerenga komanso kumvetsa kuti kamzere kojambulidwa papepala kakuimira njira yeniyeni ya pabwalo. Wazaka 2 mukamupatsa mapu awang'amba kapena awaika mkamwa, basi nkhani yathera pomwepo.

Ine ndagwira ntchito ndi ana a mkombaphala kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri ndithu, nthawi zina kuphunzitsa alezi, nthawi zina kukhala nawo pansi pamkeka anawo, ndiye ndikuuzeni mmene ndinachitira manyazi ulendo woyamba. Ndinali nditangobwera kumene kumaphunziro, mutu uli wodzadza ndi nzeru za m'mabuku. Ndinakonza malo 5, ndinajambula mivi pansi ndi makala, pamalo aliwonse kapepala ka chithunzi kolozera malo otsatira, kumapeto katoni ya nthochi. Ndinagona mochedwa kukonza zimenezi. M'mawa ndawasonkhanitsa ana, ndafotokoza bwinobwino, ndati tiyeni! Kamnyamata kena kanangoona nkhuku ndi anapiye ake nkuyamba kuitsatira mpaka kuseri kwa tchalitchi, kena kanakhala pansi nkumafufuta muvi wanga ndi chala, awiri analimbirana kapepala mpaka kulira, otsalawo anangondiyang'ana ngati ndikuyankhula chizungu. Ndiye panali mayi wina wachikulire, mlezi wongodzipereka, sukulu sanapite nayo patali, anangoseka nati aphunzitsi tadikirani. Anatenga zitsononkho zodzadza lichero, nkuzimwaza poonekera, china pampando, china patsinde pa mtengo wa mango, china pakhonde, nkuika dengu pakati pabwalo. Ananyamula chimodzi m'mwamba nati ana inu, dengu ili lili ndi njala, limadya izi, kalipezereni. Mayi inu, ana aja anathamanga ngati atsegulira mbuzi m'khola. Dengu litadzadza anati tibwerezenso. Tinabwereza kanayi, nthochi zanga zija palibe ndi mmodzi yemwe anazifunsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinamvetsa kuti kwa mwana wamsinkhu uwu chokoma si mphoto ya kumapeto ayi, chokoma ndi kaphindi kaja kovundukula chitenje nkupeza chinthu chilipo. Ndipo pali chifukwa chake. Khanda la miyezi 4 kapena 5 mukaliphimbira chidole ndi nsalu limangoyang'ana kumbali, ngati kuti kwa ilo chinthucho chatha. Likamafika miyezi 8 mpaka chaka ndipamene limayamba kukoka nsalu ija kufuna chomwe chabisika. Katswiri wina wa ku Switzerland, Jean Piaget, analemba zambiri pa zimenezi ndipo zambirizo anaziona poyang'anitsitsa ana ake atatu kunyumba kwake. Ndiye mwana wazaka 2 kapena 3 nzeru imeneyi yoti chinthu chikasowa sichinathe, chili penapake ndipo ine nditha kuchipeza, wangoitulukira posachedwa, ikadali yatsopano, ndichifukwa chake satopa nayo. Mwaona mmene amachitira chibisalirano eti, wabisa mutu kuseri kwa chitseko miyendo yonse ili pamtunda, ndipo mukamupeza abwereranso pamalo omwewo kakhumi uku akuseka. Masewera anuwa muwamange pamenepo.

Tiyambe ndi zobisazo, chifukwa apa ndipomwe ndimakhwimitsa kwambiri. Zikhale zikuluzikulu. Muyeso wake ndi wosavuta, tengani kachikatoni kaja kozungulira kamatsala tishu ikatha, chinthu chilichonse chomwe chikukwana chonse mmenemo musachiike pamasewerawa. Kunja opanga zidole ali ndi kachitini koyezera kotambalala masentimita atatu ndi pang'ono, chidole chokwana mmenemo saloledwa kugulitsa kuti ndi cha mwana wosafika zaka 3. Ka tishu kaja nkokulirapo pang'ono ndiye nkabwino kale. Zomwe ndi zazikulu mokwanira ndi monga zitsononkho, mbatata, nthochi, malalanje, mango ngati ili nyengo yake, makapu apulasitiki, masipuni akuluakulu, timbale, sokosi yokulungidwa ngati mpira, nsapato zake zomwe za mwanayo. Ine ndimakonda zitsononkho chifukwa nzaulele, nzopepuka, sizibaya, zikasowa palibe olira. Mukafuna zioneke zaphwando zimangeni tinsanza ta zitenje towala, kwa telala aliyense pa Kamwendo pomwepo akupatsani zodulira zotsala mukapempha, kungoti mfundo yake ikhale yolimba ndipo kansaluko kasakhale katali.

Tsopano zoletsedwa. Ndikudziwa kwanu ku Mchinji mtedza ndiye kwawo, nyumba iliyonse muli thumba la CG7 kapena Chalimbana, ndipo maganizo oyamba angakhale oti ndimwaze mtedza ana azitola. Chonde ayi. Mtedza wathunthu sitipatsa mwana osafika zaka 5, mano otafunira bwino sanakwane komanso njira yake yampweya ndi yaing'ono kwambiri, ndiye tangoganizani akuthamanga, akuseka, mtedza uli mkamwa. Chiponde kapena nsinjiro m'phala palibe vuto, koma njere yathunthu ayi. Chimodzimodzi chimanga chokazinga, mbuliwuli, maswiti olimba aja, chingamu. Nyemba ndi soya ndiye amakonda kuziika m'mphuno ndi m'khutu, funsani namwino aliyense akuuzani. Zitsekerero za mabotolo a Fanta zimene ana akuluakulu amaseweretsa, ndalama zachitsulo, mikanda, mabatani, zonsezi zichoke. Mabaluni pa phwando timawakonda koma baluni ikaphulika zidutswa zake muzitole nthawi yomweyo, kachidutswa ka baluni kakamatira kukhosi kamavuta kwambiri kuchotsa. Ndipo choopsa kwambiri chomwe anthu ambiri sachidziwa ndi timabatire tating'ono tozungulira tija ta muwotchi, m'timatochi ta pa makiyi ndi m'zidole zoyimba zotchipa za pamsika. Mwana akameza kameneko nkukakamira kummero kamatha kuwotcha mkati pa maola awiri okha. Ngati wina abweretsa mphatso ya chidole choyimba yang'anani kaye ngati pa batire pali sikuluwu.

Nanga kobisa? Apa pali mfundo imodzi yomwe ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse zomwe ndilembe pano. Malo aliwonse omwe mwabisapo chinthu lero, mwamuphunzitsa mwana kuti pamenepa pamapezeka zabwino, ndipo mawa inu muli kudimba kapena mukuchapa iye abwererapo yekha kukapisa dzanja. Ndiye musanabise dzifunseni kuti kodi ndingakondwe mwana wanga atabwera pano yekha ine kulibe? Mukatero muona nokha kuti pansi pa nkhokwe ayi, pamulu wa nkhuni kapena wa njerwa ayi, m'chigafa ayi, m'maenje ndi m'mauna ayi, mu udzu wautali ayi, amenewa ndi malo a njoka ndi zinkhanira. Kukhitchini ayi ngakhale moto utazima, phulusa limasunga moto mkati ndipo sitikufuna azolowere kuvundukula mapoto. Kufupi ndi chimbudzi kapena dzenje la zinyalala ayi. Kuchipinda kosungira matumba ayi, chifukwa kumeneko ndi komwe kumakhala feteleza, Actellic wothira m'chimanga, mankhwala a fodya, mankhwala a makoswe, ndi parafini yemwe timakonda kumusunga m'botolo la zakumwa mwana nkumayesa ndi Sobo. Pomwe nkhuku ikufungatira mazira ayinso, ijompha.

Madzi ndiwapatse ndime yawoyawo. Anthu timaopa chitsime ndi mtsinje koma timaiwala ndowa. Mwana wa chaka ndi theka mutu wake ndi wolemera kuyerekeza ndi thupi, akasuzumira mu ndowa nkugweramo chamutu satha kudzidzutsa, ndipo sakuwa, simumva kalikonse. Madzi ochepa kwambiri, ongofika m'kakolo, ndi okwanira kumiza mwana. Tsiku limenelo ndowa, mabeseni ochapira, diramu, zonse mukhuthule kapena mulowetse m'nyumba nkutseka. Ngati pakhomo pali chitsime chivundikiridwe ndi chinthu cholemera ndipo masewera achitikire mbali ina ya nyumba.

Njira yabwino yoonera zonsezi ndi yoseketsa pang'ono koma ichiteni. Dzulo lake madzulo, mutasesa, gwadani pansi pabwalopo muyang'ane mozungulira muli chogwada, pa msinkhu wa mwana. Mudabwa zomwe muone, msomali wadzimbiri, lezala lakale, chidutswa cha botolo, waya wotuluka pampanda, zomwe mukaimirira simuziona. Aneba aziseka koma asiyeni. Kenako sankhani kadera kakang'ono, kokwana kuti munthu mmodzi ataima pakati aziona mwana aliyense, mulembe malire ndi phulusa lozizira kapena muike mipando ndi mabenchi. Pa Kamwendo pamadutsa msewu waukulu uja wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji boma, komanso njinga zamoto za kabaza masiku ano zimalowa mpaka m'tinjira ta m'makomo, ndiye munthu wamkulu mmodzi ntchito yake ikhale yoima polowera basi, osagwira foni, osathandiza kusaka, kungoyang'ana kuti palibe watuluka. Ena akuluakulu awiri kapena atatu akhale mkati ndi ana. Musadalire mwana wa Sitandade 3 kuti ndiye ayang'anire anzake, naye ndi mwana, akatengeka ndi masewera aiwala.

Kabisidwe kake, kunena zoona sikubisa kwenikweni. Ndi kuika poonekera mochenjera. Lamulo langa ndi loti theka la chinthucho lizioneka. Chitsononkho chisuzumire pansi pa lichero, nthochi ikhale pampando itaphimbidwa mbali imodzi ndi kansalu, kapu ikhale kuseri kwa mtondo koma khutu lake likuonekera. Zonse zikhale pansi kapena posapitirira pachifuwa pa mwana, kuti pasakhale wokwera pa chinthu. Ife akuluakulu timaona ngati zaphweka mopitirira, timafuna tibise mwaukatswiri, koma mwana akasaka kamphindi osapeza kanthu amangozisiya nkupita kwa amake.

Popeza ana anuwo ndi amisinkhu yosiyana, apa ndipofunika kuganizapo pang'ono. Wa chaka ndi theka uja musamuike mu chipwirikiti, amugwetsa. Muyalireni mkeka pambali ndi amake, atenge kapu aiphimbe ndi chitenje iye akuona, afunse kuti yapita kuti? Avundukula, aseka, abwereza, ameneyo masewera ake ndi omwewo ndipo amukwanira. Azaka 2 ndi aja ofuna zoonekera theka. Azaka 3, ngati mwini phwandoyu, mutha kuwabisira zinthu zingapo zosaonekeratu koma pamalo odziwika, mkati mwa dengu, pansi pa mbale yovundikira, kuseri kwa chitseko cha pakhonde. Vuto lenileni ndi wazaka 4. Ameneyo mukangomusiya atola zonse mphindi ziwiri, ang'onoang'ono atsala akulira manja ali mbee. Ine ndimamupatsa udindo. Ndimamunong'oneza kuti iwe ndiwe wamkulu, undithandize kubisa, kenako ugwire dzanja la uyu umuperekeze koma usamuuze pomwe pali. Chinsinsicho sasunga, aulula ndithu, koma zilibe kanthu, amanyada kuti ndi kapitawo ndipo salanda za anzake.

Chiwerengero, ana 8 muwerengere zitatu aliyense, ndiye 24, kenako zina 5 kapena 6 musunge m'thumba kapena muzimangirire pachitenje. Zimenezi nzachinsinsi chanu. Mukaona kamwana kena kakungozungulira osapeza kanthu milomo yayamba kunjenjemera, mumangodutsa pafupi nkugwetsa chimodzi mwakachetechete kumbuyo kwake, nkunena kuti kodi uku wayang'anako? Muwerenge musanabise, muwerengenso pomaliza, makamaka ngati mwabisa zipatso, kuopa kuti mwana adzatola nthochi yowola patapita masiku atatu nkudya.

Mpikisano musauyambitse nkomwe. Zoti amene apeze zambiri wawina, kwa ana awa zimathera misozi, sanafike pomvetsa kuluza, ndipo kunena zoona ngakhale kugawana kumene akuphunzira kumene. Njira ya mayi uja ya dengu limodzi lanjala ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito mpaka lero, aliyense akapeza amathamangira kukaponya m'dengu, onse nkuwomba m'manja. Palibe amawerenga kuti wakuti waponya zingati. Pakhala mmodzi wokana kuponya, wakumbatira chitsononkho chake ngati ndalama ya fodya, musiyeni, musamulande, aziyenda nacho. Mwina mpaka apita nacho kwawo.

Pofotokoza musachulutse mawu. Wazaka 2 amagwira lamulo limodzi, wazaka 3 mwina awiri otsatizana, monga tola ukaike m'dengu. Ndipo kuonetsa kumaposa kunena. Nyamulani chimodzi, onetsani, pitani nokha mukapeze china ana akuona, muchite kudabwa mokokomeza, eee ndachipeza! nkukaponya m'dengu. Amva kale. Musadalire mitundu kuti kapezeni zofiira, ambiri azaka 2 mayina a mitundu sanawagwire bwino, koma mukamupatsa chinthu m'manja nkuti kapeze chinzake cha ichi, amatha bwinobwino. Masewera ajanso oti kwatentha kwazizira, posonyeza kuti wayandikira kapena watalikira, asiyireni akuluakulu. Ndinayesapo ndi azaka 3, nditati kwatentha kamtsikana kena kanabweza dzanja msangamsanga nkuyamba kuuzira chala. Ngati mukufuna kuwathandiza ombani m'manja mofulumira akamayandikira, kapena muzingonena mawu enieni, yang'ana pansi pa mpando, kuseri kwa mtondo, mkati mwa dengu, pamwamba pa benchi. Apa ndiye pali phindu lomwe ife aphunzitsi timalifuna, mawu awa a pansi, pamwamba, mkati, kuseri, pambali, mwana amawagwira msanga akamawachita ndi thupi kusiyana ndi kumuuza atakhala. Inu muziona ngati akungosewera koma akuphunzira chiyankhulo, ndipo pomaliza mukamatulutsa m'dengu chimodzichimodzi nkumawerenga mokweza limodzi, ndi masamu amenewo.

Amene amaononga masewerawa kawirikawiri si ana, ndi ife. Agogo ali pakhonde akukuwa apo! apo! taona pamenepo iwe! Azakhali atenga mwana padzanja kumukokera pomwe pali chinthu kuti ajambule bwino pafoni. Bambo ake akuti iwe ndiwe wopusa bwanji chili pamaso pakopo. Auzeni onse musanayambe, mwaulemu koma momveka, kuti pasakhale wolozera. Mwana akaima pafupi ndi chinthu osachiona, werengani chamumtima mpaka 10 musananene kanthu. Nthawi zambiri musanafike pa 7 wachiona, ndipo nkhope yomwe amapanga akapeza yekha ndi yosiyana kwambiri ndi ija ya kuuzidwa. Pa zojambulazo ndingowonjezera kuti ana a eni musawaike pa Facebook kapena pa sitetasi musanafunse makolo awo.

Nthawi yake ikhale yaifupi, mphindi 10 mpaka 15 zakwana, akafuna kubwereza bwerezani, ndipo muzibisa malo omwewo, musavutike kusintha, iwo amakondwa kupeza pomwe akuyembekezera. Mukaona awiri atatu ayamba kubalalika malizani pomwepo zisanafike poipa. Chitani m'mawa cha m'ma 9 kapena 10, atadya kale phala, dzuwa lisanakwere, makamaka ngati ndi miyezi yotentha ija ya Okutobala ndi Novembala pomwe mchenga umawotcha mapazi. Masana ana amsinkhu uwu amakhala ndi tulo ndi njala, chilichonse chimawaliza. Ndipo masewera ayambe keke isanatuluke, akangoona keke palibe asake chitsononkho. Kukagwa mvula sunthani mipando pabalaza muchitire momwemo, zitseko za kuzipinda mutatseka.

Tsono ngati mtima wanu ukufunabe kaja kotsatira njira ngati ka pavidiyo, pali kanjira komwe wazaka 3 amakwanitsa, koma ndingakonde mukachite ndi mwana wanu yekha, mwina dzulo lake kapena alendo atapita, osati pagulu. M'malo mwa mapu mumagwiritsa ntchito zinthu zenizeni zomwe iye akudziwa pomwe zimakhala. Mumupatse nsapato imodzi ya bambo ake nkufunsa kuti imeneyi imakhala pati? Athamangira pakhomo pomwe pamakhala nsapato, akapeza kapu yake ili mmenemo. Kapu imakhala pati? Pathandala. Pathandala pansi pake apeza pilo wake. Pilo amakhala pati? Pomwe amagona, ndipo pamenepo ndipomwe pali kamphatso kake. Malo atatu basi, osapitirira. Ena amajambula malowo pafoni nkumamuonetsa chithunzi, zimathekanso, koma ine ndinaona kuti foni ikangotuluka mwana amafuna foniyo osati kusaka. Kwa gulu lonse chomwe chimatheka bwino ndi kujambula mapazi akuluakulu pansi ndi phulusa kapena makala kuchokera pa dengu lija mpaka pomwe mwabisa zakudya, nkuwauza kuti kunabwera njovu usiku tiyeni tione yapita kuti. Kuno ku Kasungu poti njovu timazidziwa za kupaki, nthawi zina mpaka zimatuluka kukadya m'minda ya anthu, ana ena amaopa zenizeni, ndiye mukaona wina wagwira chitenje cha amake sinthani munene kuti ndi kalulu.

Chuma cha kumapetocho chisakudyereni ndalama. Dengu kapena katoni yophimba ndi chitenje chowala, mkati muli nthochi, zitumbuwa kapena tizigumu todula tating'ono, mwina timapaketi ta Kamba ngati thumba lalola. Chachikulu nchoti aliyense alandire zofanana ndendende, ana awa amayeza ndi maso kuposa sikelo ya mavenda. Mwini phwando ndiye avundukule chitenjecho, ulemu wake ndi umenewo. Ndipo konzani zoonjezera, inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno, mwaitana 8 koma phokoso likamveka abwera 15, ena atabereka ang'ono awo kumbuyo, ndipo simungawabweze. Nthochi kuidula pawiri si mlandu. Asanadye onse asambe m'manja ndi sopo pamadzi othira, osati mu beseni limodzi, manja amenewo akhala akufukula fumbi momwe nkhuku zimayenda. Adye atakhala pansi pamkeka, osati akuthamanga. Funsaninso amayi anzanuwo ngati pali mwana yemwe zakudya zina zimamuwenga.

Ndisanasiye nkhani ya kudya, pang'ono za kutsamwa, poti pomwe pali ana ambiri ndi bwino kudziwiratu. Mwana akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu kapena akulira, mpweya ukudutsa, mulimbikitseni atsokomole, musamupatse madzi ndipo musapise chala kukhosi mwachimbulimbuli, mutha kukankhira chinthucho mkati. Koma akangoti zii, osatulutsa mawu, nkhope ikusintha, muweramitseni kapena mumugoneke chafufumimba pamiyendo panu mutu uli chotsika, mumumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu mwamphamvu. Zikakanika ndipo mwanayo wapitirira chaka, imani kapena gwadani kumbuyo kwake, chibakera pamwamba pa mchombo, kokerani mkati ndi m'mwamba kasanu, nkubwereranso kumsana, uku wina akusaka thiransipoti. Khanda losafika chaka sitilikanikiza pamimba, timakanikiza pachifuwa ndi zala ziwiri. Ngakhale chitatuluka mukamuonetsebe kuchipatala ngati munachita kumukanikiza. Nyemba m'mphuno musaitokose ndi kamtengo, pitani nayeni. Batire ija ndiye musadikire nkomwe kuti tione mawa, nyamukani nthawi yomweyo. Mukapita kusikelo mwezi uno apempheni alangizi a zaumoyo akuonetseni ndi manja, kuwerenga kokha sikukwanira.

Pakhala mwina mwana mmodzi wamanyazi yemwe sachoka pamwendo pa amake. Musamukakamize, muikireni chimodzi pafupi ndi phazi lake, akatola muombereni m'manja pang'ono osati mochititsa manyazi. Ngati pali mwana yemwe sayenda bwino kapena saona bwino, muikireni zinthu mu beseni louma lodzadza nsanza kapena makoko a chimanga azifufuza ndi manja atakhala, mudzaona enanso onse akhamukira komweko.

Gawo lomwe ine ndimalikonda kwambiri ndi lomaliza, kutembenuza masewera. Apatseni anawo zitsononkho kuti tsopano bisani inu, ife akuluakulu titseka maso. Abisa pamaso panu pomwe, wina angochigwira kumbuyo, wina akuuzani yekha kuti ndaika apa musaone. Inu muzisaka molakwitsa dala, kuyang'ana m'chipewa cha agogo, kufunsa nkhuku ngati yachiona, kudutsa pomwe chili kawiri konse osachiona. Amaseka mpaka kugwa pansi. Kungoti ndikuchenjezeni, akalawa zobisazi sasiya msanga. Sabata yotsatirayo makiyi a nyumba, foni ndi chiphaso cha kusikelo muziika pamwamba, ndipo bambo ake azigwedeza kaye nsapato asanavale. Kwathu limoti ya wailesi tinaipeza patatha masiku anayi ili mu mtondo, ataivundikira bwinobwino ndi lichero.